Nsapato Yopepuka Imafuna Munthu Wolemera

M'Chichewa mawu akuti kulemera amasenza katundu wa mitundu iwiri. Thumba la chimanga limalemera, nayenso mwini chigayo ndi wolemera. Mawu akuti kupepuka nawonso ali ndi nkhope ziwiri. Nthenga imapepuka, koma munthu akapepuka pamudzi ndiye kuti ulemu wamuchokera, ndipo kupeputsa mnzako ndi kumuchotsera ulemu mwadala. Makolo athu anaika chuma ndi ulemu kumbali ya zolemera. Khasu, mpando, ngakhale nsalu, ankaziyesa m'manja asanagule, ndipo chopepuka ankachikayikira.

Ntchito yanga ndi yomasulira mawu, choncho ndikakumana ndi chinthu chimene chaimika chiyankhulo chathu chadodolido ndimaima kaye. Nsapato zosewerera mpira, zimene ambiri timangoti jombo, ndi chimodzi mwa zinthu zotero. M'sitolo ya zamasewera jombo ikamapepuka mtengo wake umakwera. Yopepuka kuposa zonse ndiyo yodula kuposa zonse, ndipo kawirikawiri ndiyonso imatha msanga. Izi zili ndi zifukwa zake zomveka, ndipo sindikunena kuti opanga nsapato akutibera. Chimene ndikunena n'chakuti nsapato yotere anaipangira munthu wina wake, wosewera pabwalo lina lake, wokhala ndi thumba lina lake. Amene akusankhira mwana wa ku Ndirande, ku Matero kapena ku Mbare ayambe wadzifunsa ngati mwana wakeyo ndiye munthu ameneyo.

Funsoli linandipeza chaka chatha. Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 16, amasewera kumbali yakumanja mu timu ya atsikana ya m'dera lathu ku Blantyre, ndipo chimene amadziwika nacho ndi liwiro. Aphunzitsi a timuyo anauza makolo kuti aliyense wofuna kupita patsogolo akhale ndi jombo zakezake, asamadalire zobwerekana. Kwathu nkhani yotere imagwera amalume. Mtsikanayo sanachedwe, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, nsapato yonyezimira ngati mamba a chambo, pansi pake atalemba kuti, "Amalume, iyi ndi ya anthu othamanga." Ndalama imene ndinali nayo inali ya ntchito imodzi yomasulira, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja munthu amagula atawerengera kawiri. Peyala imodziyo inayenera kumufikitsa kumapeto a chaka, ku trening'i ndi ku masewero komwe. Ikanang'ambika mu Juni, mwanayo akanabwerera kobwereka, ndipo wobwereka sasewera mphindi zonse 90. Amadikira kuti mwini nsapato atuluke.

Ndinayamba ndi kufufuza kumene mpikisano wa kupepukawu unachokera. Jombo zoyambirira ku England zinali pachibale ndi nsapato za m'migodi ndi m'mafakitale: chikopa chokhuthala, chofika pamwamba pa kakolo, kutsogolo kolimba gwa. Imodzi inkalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo ikamwa madzi a mvula inkawonjezera. Ntchito yake inali kuteteza phazi basi. Stanley Matthews, katswiri wa njomba wa ku England, atapita ku Brazil ku World Cup ya 1950 anaona osewera a kumeneko atavala nsapato zofewa zosafika m'kakolo, ndipo atabwerera kwawo anakapangitsa zake zopepuka. Mu 1954 mu mzinda wa Bern, timu ya West Germany inagonjetsa Hungary 3-2 mu ndime yomaliza mvula ikugwa. Inavala nsapato za Adi Dassler zimene mano ake apansi, amene osewera amangoti ma stud, ankatha kumasulidwa n'kuikapo ataliatali oyenera matope.

Chigawo chathu chino chili ndi dzina m'mbiri imeneyi. Eusébio anakulira ku Mafalala, mu mzinda umene lero ndi Maputo, ndipo anaphunzira mpira wopanda nsapato, akumenya mpira wa nsanza ndi mapepala, umene ife timati chikulunga. Atamwetsa zigoli 9 pa World Cup ya 1966, kuposa wina aliyense, kampani ya Puma inatulutsa nsapato yotchedwa King mu 1968 pomulemekeza. Inali yachikopa, ndipo kwa zaka zambiri nsapato yabwino inkatanthauza chikopa chofewa chimene chimatenga maonekedwe a phazi la mwini wake. Copa Mundial ya Adidas, imene inatuluka mu 1979 ndipo ikugulitsidwabe, ndi ya mtundu umenewo.

Zinthu zinasintha mu 1998 pamene Ronaldo wa ku Brazil anaonekera pa World Cup ya ku France atavala Nike Mercurial ya siliva, buluu ndi chikasu, yopangidwa ndi chikopa chochita kupanga. Kuchokera pamenepo liwiro linasanduka katundu wogulitsa payekha. Adidas inayankha ndi F50 mu 2004, ndipo pofika 2010 nsapato ya banja limenelo, imene Lionel Messi ankavala, inkalemera magalamu 165. Mu 2015 kampani yomweyo inatulutsa mapeyala owerengeka a nsapato ya magalamu 99. Chaka chomwecho Puma inatulutsa evoSPEED SL ya magalamu 103, ndipo eni akewo ananena mosabisa kuti ndi nsapato ya masewero pafupifupi 10. Makampani anabwerera m'mbuyo pang'ono pambuyo pake, moti nsapato zambiri za liwiro masiku ano zili pafupi ndi magalamu 200 kapena kutsikirako pang'ono.

Chiwerengero cha masewero 10 chija chinandiuza zambiri kuposa malonda onse amene ndinaona. Kwa katswiri wa ku Ulaya si vuto. Nsapato amapatsidwa ulere, ena amachita kulipidwa kuti azivale, ndipo timu ili ndi munthu amene ntchito yake ndi kusamalira zovala ndi nsapato. Ikayamba kutopa amangotsegula bokosi lina. Mwana wa mlongo wanga amapita ku trening'i masiku anayi pa sabata, Loweruka n'kukasewera. Masewero 10 kwa iye ndi masabata awiri. Kuti nsapato ipepuke, opanga amapyapyalitsa pamwamba, amachepetsa zofewa za m'kati ndi za kuchidendene, amasema pansi mpaka kutsala chigoba. Galamu iliyonse imene yachotsedwa inali ndi ntchito, mwina yoteteza phazi wina akakuponda, mwina yopirira kukhuzika ndi nthaka.

Nanga magalamuwo amathandizadi? Amathandiza, koma tiwaike pa sikelo yoyenera. Ofufuza amene anayeza anthu othamanga mtunda wautali anapeza kuti magalamu 100 owonjezera pa nsapato iliyonse amakweza mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito ndi pafupifupi 1 peresenti. Wosewera mpira wapamwamba amayenda makilomita 10 mpaka 12 pa masewero amodzi, ndiye kwa iye kachigawo kameneko ndi kofunika. Koma makampani amapanga nsapato imodzimodziyo m'masitepe angapo. Nike, mwachitsanzo, imakhala ndi Elite, Pro, Academy ndi Club, zonse za mtundu ndi maonekedwe ofanana, mitengo yake yotalikirana kwambiri. Yapamwamba imapitirira madola 200. Kusiyana kwa kulemera pakati pa yapamwamba ndi yotsika mtengo nthawi zambiri sikuposa kulemera kwa dzira limodzi la nkhuku. Matope a kudambo omata pansi pa jombo m'mwezi wa Januwale amaposa dzira limenelo mphindi zisanu zisanathe.

Wosewera kumbali samathamanga mtunda wautali kamodzi. Amaphulika mamita 10, 20 kapena 30, kuima, kutembenuka, n'kuphulikanso. Mpikisano wake ndi wotchinga kumbuyo umatha pa masitepe atatu oyamba, ndipo pamenepo zimene zimalamula ndi ziwiri: phazi lisaterereke m'kati mwa nsapato, ndipo nsapato isaterereke pa nthaka. Zambiri zimene wovala amamva ngati liwiro zimachokera ku nsapato yogwira phazi bwinobwino ndi chipondero cholimba chimene chimabwerera msanga chikapindika. Nsapato ya magalamu 170 imene chidendene chimavuka pothamanga imachedwetsa kuposa ya magalamu 240 yokwana ndendende.

Apa ndi pamene ntchito yanga yomasulira inandithandiza. Pa bokosi kapena m'kati mwa nsapato mumalembedwa zilembo zosonyeza bwalo limene anaipangira. Zofala kwambiri ndi FG, chidule cha mawu a Chingerezi akuti firm ground. Womasulira wofulumira angalembe kuti nthaka yolimba, ndipo wogula wa kwathu angati ndiye yathu imeneyi. Koma nthaka yolimba ya ku England ndi udzu wothiriridwa, wotchetchedwa, woti dzino la nsapato limalowa pang'ono n'kutulukanso. Nthaka yolimba ya galaundi ya pasukulu kwathu mu Okutobala ndi njerwa yootcha yowazidwa timiyala. Dzino silingalowe. Wosewera amaima pamwamba pa mano 11 kapena 12 ngati wakwera zidutswa za mtengo, thupi lonse likutsamira pa timalo tochepa ta phazi. Zotsatira zake ndi matuza, kupweteka kwa pansi pa phazi, kubinya kakolo, ndipo manowo amadyeka kapena kuthyoka. Mawu ndi amodzi, nthaka ndi ziwiri.

Zilembo zina zili ndi malo ake. SG ndi ya matope enieni, mano ake ndi ochepa, ataliatali, nthawi zambiri achitsulo, ndipo pa nthaka youma ndi yoopsa kwa mwini wake ndi kwa anzake. AG ndi ya udzu wochita kupanga, umene timati kapeti, ngati wa pa Kamuzu Stadium. Mano ake ndi ambiri, aafupi, ozungulira. TF ili ndi timano tambirimbiri ta labala ndipo imapirira nthaka youma kuposa zonse. HG anaipangira nthaka ya dothi louma, ndipo imapezeka kwambiri ku Japan, kumene ana asukulu ambiri amasewera pa mabwalo a dothi, moti makampani monga Mizuno ndi Asics amaipanga mwakhama. MG imayesa kukhala pakati, kuti munthu asewerere pa udzu ndi pa kapeti pomwe. Udzu wosamalidwa ngati wa pa Bingu National Stadium, bwalo limene linatsegulidwa ku Lilongwe mu 2017, ndiwo FG imaufuna. Ndinadzifunsa kuti mwana wa mlongo wanga adzapondapo kangati chaka chino, ndipo yankho linali losavuta. Masiku ake ambiri ndi a fumbi, ndipo timu ikachita bwino mwina kamodzi kapena kawiri pa kapeti.

Maonekedwe a mano nawonso ndi nkhani. Nsapato za liwiro zimakonda mano osongoka ngati timipeni kapena ngati mutu wa muvi, chifukwa amaluma nthaka pothamangira kutsogolo. Koma dzino loluma kwambiri limakana kumasula phazi pamene thupi likutembenuka, makamaka pa kapeti yotentha ndi youma. Phazi likakakamira pansi thupi n'kuzungulira, bondo ndilo limalipira. Mtsempha wa m'kati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL umaduka kawirikawiri kwa osewera aakazi kuposa aamuna, ndipo ukaduka munthu amakhala pafupifupi chaka osasewera. Leah Williamson ndi Beth Mead a ku England komanso Vivianne Miedema wa ku Netherlands onse analephera kusewera World Cup ya amayi ya 2023 chifukwa cha vuto limeneli. Zoyambitsa zake n'zambiri, ndipo nsapato ndi chimodzi chabe mwa zimene akatswiri akuziunika. Koma iwowa anali ndi madokotala a opaleshoni ndi miyezi ya chisamaliro. Mtsikana wa timu ya m'dera kwathu bondo likatero, kawirikawiri mpira wake wathera pomwepo. Mano ozungulira amalola phazi kutembenuka, ndipo pa chifukwa chimenechi ndinawaika patsogolo pa magalamu.

Pambuyo pa nthaka pamabwera phazi. Nsapato za liwiro amazipanga zopapatiza, zothina ngati sokosi, ndipo nsalu yake siitambasuka ngati chikopa. Ikakuluma tsiku loyamba idzakulumabe mwezi wachitatu. Chikopa chenicheni chikuchokanso pa msika: Nike ndi Puma analengeza mu 2023 kuti asiya kugwiritsa ntchito chikopa cha kangaroo, chimene chinkadziwika ndi kufewa. Tsono phazi limene lakula likuyenda pansi kapena m'patapata limakhala lotambalala kutsogolo, zala zake zotayana, ndipo mapazi ambiri a kwathu ndi otero. Komanso kwa nthawi yaitali jombo zinkasemedwa potengera phazi la mwamuna, atsikana n'kumangovala zazing'ono zake. Posachedwapa ndi pamene makampani akuluakulu ayamba kupanga zoganizira phazi la mkazi, monga Phantom Luna ya Nike ya 2023, ndipo zotero sizifika m'misika yathu kawirikawiri.

Choncho tisanapite kumsika ndinamuimika mwanayo pa pepala madzulo, nthawi imene phazi limakhala litatupa pang'ono, atavala sokosi zake za mpira, n'kuzunguliza mapazi onse awiri ndi pensulo. Lakumanzere linali lalikulupo. Tinayeza kutalika ndi kutambalala m'masentimita, chifukwa manambala a UK, a US ndi a ku Ulaya amasokoneza, pamene sentimita ndi imodzi kulikonse ndipo imalembedwa m'kati mwa nsapato zambiri. Tinadula mapepalawo n'kuwatenga. Pepala likapindika m'mbali polilowetsa mu nsapato, phazi nalonso likapindika.

Ambiri a ife sitigula jombo m'bokosi. Timagula pa kaunjika, amene ku Zambia amati salaula, ku Zimbabwe mabhero, ku Mozambique calamidade. Mayina ndi osiyana koma mulu ndi womwewo: nsapato zimene ana a ku Ulaya ndi ku America anazisiya, zina zitangovalidwa nyengo imodzi. Pambali pake pamakhala zatsopano zonyezimira, zokhala ndi zizindikiro za makampani otchuka koma zosachokera kwa iwo, mtengo wake wokoma m'khutu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zoterezi zimapepukadi, chifukwa m'kati mwake mulibe kanthu. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ipindeni: ipindike pamene zala zimapindikira, osati pakati. Ipotozeni ngati mukufinya chovala: ikane. Dinani kuchidendene: kukhale kolimba. Onani manambala a m'kati ngati akufanana pa nsapato zonse ziwiri, chifukwa pa mulu amapasa amasochera. Pa zakaunjika onaninso mano ngati adyeka mbali imodzi, ndi kutsogolo pamene nsalu imakumana ndi chipondero, chifukwa nsapato ikakhalitsa guluu amauma ngakhale isanavalidwe kwambiri.

Nzeru imene sindinaipeze pa intaneti ndinaipeza kwa abambo ena osoka nsapato pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Pambali pawo panali mulu wa jombo zodikira singano. Ndinawaonetsa chithunzi chija pa foni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola ina ya mtundu womwewo pa muluwo, yotseguka kukamwa ngati mlamba.

"Achimwene, iyi ikatseguka ine ndilibe pogwira," anatero. "Ndikalowetsa singano nsaluyi imang'ambika ngati jumbo. Guluu amagwira sabata imodzi. Mukafuna yoti mwana avale chaka, pezani yokhala ndi mnofu pang'ono kutsogoloku, mubwere nayo isanalowe m'bwalo ndiisoke mozungulira. Yosokedwa isanadwale imakhalitsa kuposa yosokedwa itang'ambika."

Palibe kampani imene imalemba pa bokosi kuti nsapato iyi n'njotheka kusoka. Kumene nsapatozi zimapangidwira, yong'ambika imatayidwa. Kwathu funso limeneli ndi lalikulu kuposa la magalamu, chifukwa jombo imakhala ndi moyo wachiwiri ndi wachitatu, ndipo wosoka nsapato ndiye amaimasulira kuti ilankhule chiyankhulo cha nthaka yathu.

Mwanayo anamvetsera zonsezi mwaulemu, koma nkhope yake sinagwirizane nazo. Nditamuonetsa ina yakuda yachikopa, yolimba bwino, anapukusa mutu.

"Amalume, imeneyo ndi ya madala otchinga kumbuyo," anatero. "Inu simudziwa mmene anthu amakuonera ukamalowa m'bwalo. Atsikana a matimu a m'tauni amayamba ayang'ana kumapazi. Akaona wavala zotere amadziwiratu kuti ndiwe wa kuti."

"Ndiye iwe ukufuna azikuopa chifukwa cha nsapato?"

"Ayi. Ndikufuna ndisamaganize za nsapato."

Mfundo yake inali ndi mutu. Mtsikana wosewera mpira kwathu amamva kale mawu okwanira, kunyumba, kusukulu ndi m'njira, oti masewerowa si ake. Amalowa m'bwalo atasenza zonsezo. Ngati nsapato yowala imamuchotsera katundu mmodzi, kumeneko nakonso ndi kupepuka, ndipo sikelo singakuyeze. Otsatsa malonda amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake nsapato yotsika mtengo amaipaka mtundu wofanana ndi ya katswiri. Munthu angadandaule kuti akusewera ndi maganizo a ana, koma kwa malume wa thumba lochepa chimenechi ndi chithandizo: mwana angathe kupeza maonekedwe amene akufuna pa nsapato yokhuthala, yopirira, ya mtengo wofikirika.

Ndinamukumbutsa za anthu amene zithunzi zawo anamata pa khoma la kuchipinda kwake. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse, ndipo aliyense amene anamuona amayamba kunena za liwiro lake. Mkulu wake Tabitha anamwetsa zigoli 23 ku Inter Milan mu nyengo ya 2022/23, kuposa wina aliyense mu ligi ya ku Italy. Barbra Banda wa ku Zambia anamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021. Ana a Chawinga anakulira ku Rumphi, kutali ndi sitolo iliyonse yogulitsa nsapato za magalamu 180. Liwiro anali nalo kale, ndipo nsapato zodula zinachita kuwalondola.

Komabe nkhani zoterezi ndimazinena mosamala, chifukwa akuluakulu timakonda kuzigwiritsa ntchito pothawa udindo. Timati Eusébio ankasewera wopanda nsapato, ndiye iwe ukudandaula chiyani? Umphawi si mphunzitsi wa mpira. Pa mwana mmodzi amene anafika ku Lisbon kapena ku Kansas City pali ambirimbiri amene anasiyira panjira chikhadabo chitazuka, phazi litabayidwa ndi botolo, kapena atangotopa ndi kubwereka. Lamulo lachinayi la malamulo a mpira limaika nsapato ndi zotetezera misongolo pa mndandanda wa zovala zokakamiza, moti wopanda nsapato woyimbira mpira samulola kulowa pa masewero ovomerezeka ngakhale atathamanga ngati gwape. Mwana amafunika jombo. Chimene safunika ndi kukhulupirira kuti liwiro lake lili m'sitolo.

Tinazungulira msika Loweruka awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imene tinapeza inali ya kaunjika, ya banja la nsapato za liwiro koma ya sitepe yotsika, yofiirira mowala ngati papaya wakupsa, yolembedwa MG, mano ake aafupi ndipo ambiri mwa iwo ozungulira. Pepala lija linalowa osapindika. Anaivala ndi sokosi za mpira, kutsogolo kunatsala kampata kochepera chala cha m'manja, ndipo ataima pa zala chidendene sichinavuke. Anathamanga pakati pa mabenchi a ogulitsa, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka, amayi ogulitsa tomato akumuimbira m'manja. Mwachidwi chabe tinapempha mnyamata wa pagolosale kuti atiikire pa sikelo yake ya shuga: magalamu 230. Tinapita nayo kwa abambo aja, anaisoka mozungulira kutsogolo ndi ulusi wolimba. Ndalama yotsala inakwana zotetezera misongolo ndi peyala yachiwiri yakutha pang'ono, ya timano ta labala, yoti azichitira trening'i pa fumbi kuti yofiirirayo izipuma.

Kwa amene ali ndi ulendo ngati womwewu, ndondomeko imene ndingapereke ndi iyi. Yambani ndi nthaka imene mwanayo amaponda masiku ambiri, osati imene amalota. Kenako phazi lake, loyezedwa madzulo, lalikulu mwa awiriwo. Kenako funsani kuti nsapatoyo iyenera kukhala miyezi ingati, ndipo ikadwala ndani angaichize. Mtundu ndi maonekedwe musiyireni mwini wake, chifukwa ndiye akalowe nayo m'bwalo. Magalamu abwere pomaliza, posiyanitsa nsapato ziwiri zimene zapambana mayeso ena onsewo. Amene ali ndi bwalo la udzu wothiriridwa ndi ndalama yogulira peyala ina miyezi itatu iliyonse agule yopepukitsitsa ndi mtima woyera, anaipangira iyeyo.

Malamulo osamalira ndinamupatsa atatu. Asayende nayo pa tala kapena pa simenti, azivalira pabwalo. Ikanyowa asaiyanike pa moto kapena pa dzuwa la masana, chifukwa kutentha kumapha guluu, koma aifutike nyuzipepala m'kati n'kuiika pa mthunzi podutsa mphepo. Ulusi ukangoyamba kumasuka apite nayo kwa abambo aja tsiku lomwelo. Nyengo ya mpira inatha jomboyo ikadali yamoyo, mano atafupikako, mtundu utazilala. Phazi la mwanayo lakulako pang'ono, moti chaka chino tiyambiranso ndi pepala ndi pensulo. Mu timu yawo muli kamtsikana ka zaka 13 kosewera kumanzere, kamene mpaka pano kamadikira kuti wina atuluke kuti kavale. Aphunzitsi akuti kayamba kale kufunsa nambala ya nsapato yofiirira ija.